Kalabu yathu yojambula maluwa, pamene tafika kuyambira Febuluwale

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi za ana ojambula maluwa zija zili pati, makamaka inu amene munatithandiza mafoni, nde ndati ndisonkhanitse zimene ndakhala ndikulemba m'kabuku kanga ndiziike pamodzi muone nokha. Kwa amene simukundidziwa, ndine mphunzitsi pa pulayimale ina kuno ku Mulanje, kumunsi kwa phiri mbali ya ku Likhubula, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Tinayamba ndi ana 24, a Sitandade 5 mpaka 7, timakumana Lachitatu tikaweruka komanso Loweruka lina mmawa makolo akalola. Mafoni ndi 3, awiri a itel, inayo Tecno yosweka sikirini pakona koma kamera yake ndi imene ana amalimbirana. Onse amagona kwa ine, mwana satenga kupita nayo kunyumba pokhapokha kholo litabwera kudzasaina.

Febuluwale

Tsiku loyamba ndisanatulutse nkomwe mafoni ndinawafunsa kuti kodi maluwa okongola kuno kwathu amapezeka kuti. Mayankho anali amodzimodzi, kunyumba za mabwana ku esiteti, pa tchalitchi, m'maloji a ku boma. Mnyamata wina mpaka anati "Madamu kwathu kulibe maluwa, kuli ndiwo basi." Mawu amenewa anandikhudza ndithu chifukwa mwanayu amadutsa m'munda wa maungu tsiku lililonse pobwera kusukulu. Nde ndinati chabwino, sitikupita kumpanda kwa bwana aliyense, tiyamba ndi ndiwo zomwezo.

Zithunzi za masabata oyamba zinali za mbuu zokhazokha, china chala chatseka theka, china ukuona phazi la wojambula duwa lili kutali uko. Tinagwirizana tinthu tochepa toti aliyense aloweze. Pukuta kaye galasi la kamera ndi yunifolomu chifukwa zala zimakhala ndi mafuta a mandasi. Osapanga zumu, sendera iweyo. Dina pa duwalo pa sikirini kuti foni idziwe chimene ukufuna. Gwada, zigongono pa mawondo, gwira mpweya kenako jambula. Komanso osayandikitsa foni kupitirira chikhatho chimodzi, mafoni athuwa akayandikira kwambiri saonanso bwino.

Chiluwe ndiye chinatiphunzitsa za nthawi. Tinapita Lachitatu masana tinapeza maluwa onse atafota atatseka, ana anakhumudwa, koma mtsikana wina wa Sitandade 6 anati amayi ake amathyola chiluwe mmamawa mame asanaume. Loweruka tinakumana 6 koloko, abale munda wonse unali chikasu, maluwa atatseguka bwinobwino, njuchi zikulowa nkutuluka zitapakika mungu thupi lonse. Mtsikana yemweyo ndi amene anaonetsa anzake kuti pali chiluwe cha phesi lalitali lowonda ndi china chokhala ndi kadzungu kakang'ono kumunsi, ndipo chakadzungucho sathyola. Ine ndinangowonjezera kuti choyambacho ndi chachimuna chinacho chachikazi, njuchi ikapanda kunyamula mungu kuchoka uku kupita uko kadzungu kaja kamangofota nkugwa. Zimenezi zili m'buku la sayansi koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti zalowa. Chithunzi cha njuchi ili chafufumimba mkati mwa chiluwe, miyendo yokha ikuoneka, mpaka pano ndi chimodzi mwa zabwino zimene tili nazo.

Tinajambulanso duwa la therere, lachikasu chotuwira koma pakati pofiira moderako, ndi tamaluwa toyera ta chisoso ndi luni. Ambiri anali asanaonepo kuti duwa la therere lili ndi mitundu iwiri chikhalirecho therere amadya sabata iliyonse.

Malichi

Mwezi uno nkhani yaikulu inali kaufiti. Mnyamata wina anabwereka foni Loweruka, bambo ake anasaina, Lolemba anabwera ndi zithunzi za tamaluwa tofiira psuu patsinde pa chimanga, koma nkhope ili yakugwa. Akuti agogo ake anamupeza atagona chafufumimba m'munda nkumufunsa kuti iwe ukujambula chinthu chimene chikutipha ndi njala? Anandifunsa kuti "Madamu ndifufute?" Ndinati ayi usafufute, Lachitatu tikambirana tonse.

Ndipo tinakambirana kwa nthawi yaitali, ena akuti chinthu choipa sichingakhale chokongola, ena akuti nanga maso akunama? Ine maganizo anga ndi akuti agogo aja akunena zoona ndipo mwanayonso waona zoona. Kaufiti ndi wokongola ndithu, komanso amagwira mizu ya chimanga pansi nkumayamwa madzi ndi chakudya, pamene akutulukira pamtunda chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zimatha kukhala m'nthaka zaka zambiri kudikira kuti mizu ya chimanga kapena mapira ifike pafupi, ndipo amakonda nthaka yoguga. Alangizi amati azulidwe asanabereke njere, komanso kasinthasintha ndi mbewu monga soya, mtedza ndi nandolo amathandiza. Nde tinapangana kuti kaufiti ukamupeza jambula, ukatha zula. Mnyamata uja anakazula mizere ingapo kwa agogo ake ndipo anabwera ndi uthenga woti ana a Madamu abwerenso.

Pa kaufiti pomwepo tinaphunzira vuto la mtundu wofiira. Mafoni otchipawa akaona chofiira padzuwa amangochipaka, tizigawo ta duwa sitioneka, pamangokhala chibanga chofiira. Mankhwala ake ndi kudina pa duwa kenako kukokera pansi kadzuwa kamene kamatuluka pambali kaja kuti chithunzi chidereko, kapena mnzako aime atchinge dzuwa ndi thupi lake. Kuyambira pamenepo amayenda awiriawiri, wina wojambula wina wopanga mthunzi.

Masiku ena sitinatuluke chifukwa cha mvula. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ana akuno mvula ikalimba padenga amangoti zii, ena mwa iwo nyumba zawo zinapita, nde ine sindiwakakamiza ndipo kufupi ndi mitsinje nthawi ya dzinja sitipita zivute zitani. Kuphiri ukayang'ana zipsera zoyera pomwe napolo anatsikira zikuonekabe. Mtsikana wina anajambula tamaluwa tachikasu tomera pakati pa miyala imene madzi anasiya m'munda mwawo, anapempha kuti chithunzicho chisaikidwe pa gulupu, chikhale chake. Ndachisunga padera.

Epulo ndi Meyi

Deliya paliponse, m'mbali mwa msewu kuchokera pa Chitakale mpaka kuno chikasu chokhachokha. Ana anajambula deliya mpaka memoli kudzaza, ndinachita kuika lamulo loti aliyense asankhe ziwiri zokha zinazo tifufute, ndipo kusankhako kunawavuta kuposa kujambula. Anadabwa kumva kuti deliya kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, anachita kubwera. Makolo ena amanyika masamba ake m'madzi nkuwaza ku ndiwo zamasamba pothamangitsa tizilombo, ena amakwirira ngati manyowa.

Kalongonda naye anachita maluwa, aja olendewera mwaphava akuda mopita ku pepo. Apa ndinachita kuchenjeza kawiri katatu kuti chitedze cha kutchire maluwa ake amafanana ndi amenewa, nde ukaona maluwa otero kutchire jambula uli patali, osagwedeza, osaima kumene mphepo ikupita. Apa pokha ndinalola zumu.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi duwa la tiyi. Tiyi anayamba kulimidwa kuno cha m'ma 1890, theka la ana anga makolo awo amathyola tiyi ku esiteti kapena ali ndi kamunda kawo, koma nditafunsa kuti duwa la tiyi ndi lotani kalasi yonse inangoyang'anana. Chifukwa chake nchakuti tiyi amamudulira ndi kumuthyola nsonga nthawi zonse, masamba awiri ndi kamphukira, nde sapatsidwa mpata. Patapita masabata angapo mwana wina anapeza tchire la tiyi losiyidwa kumalire a munda wa amalume ake, anasuzumira pansi pa masamba nkupeza duwa loyera mbee, pakati pali tinthu tachikasu tambirimbiri, litayang'ana pansi. Anachita kugona chagada kuti alijambule. Amayi ake amene athyola tiyi zaka zambiri anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali nkupempha kuti tikadzatsukitsa tidzawapatse chawo.

Juni ndi Julayi

Chiperoni chinafika, kuzizira, kamvula kowaza, phiri osaoneka masiku angapo. Mphepo imeneyi imachokera mbali ya ku Mozambique itanyamula chinyezi cha kunyanja yamchere ya Indian Ocean, ikagunda phiri basi nkhungu. Ana ankaganiza kuti popanda dzuwa palibe kujambula, koma zithunzi zathu zabwino kwambiri zatuluka nyengo imeneyi. Mitambo imafewetsa kuwala, palibe mithunzi yakuda bii, mitundu imatuluka yokhuta, ndipo timadontho timakhala pa duwa tsiku lonse. Duwa la nandolo, lachikasu kutsogolo koma kumbuyo kwake kuli timizere tofiira, linaoneka bwino zedi. Vuto linali chaji basi, sola yanga nthawi ya chiperoni siikoka, magetsi akazima ndiye kuti foni imodzi ana 24, koma anapirira.

Apa ndi pamene ndinawalola kubwerera ku maluwa a mpanda aja. Poinsettia wa pa tchalitchi anali atafiira, ndinati yandikirani muone bwino, iwo okha anatulukira kuti zofiirazo zili ndi mitsempha ngati masamba ena onse, ndipo ndi masambadi, maluwa enieni ndi tinthu tating'ono tachikasu pakati. Bougainvillea chimodzimodzi, kaduwa kake ndi kaja koyera kakang'ono mkati. Ndinaona kusintha, mu Febuluwale akanangoima patali nkujambula chitsamba chonse, pano amafuna kudziwa kuti mkatimo muli chiyani ndipo kukubwera kachilombo kanji. Tinakambirana kuti mitundu imeneyi duwa silipangira ife, likuitana alendo ake. Njuchi zimakonda chikasu, zoyera ndi zabuluu, chofiira siziona bwino, pamene timbalame tija tamilomo yaitali yopindika timathamangira maluwa ofiira ndi a olenji, ndipo maluwa ambiri oyera onunkhira madzulo amadikira agulugufe a usiku.

Ulendo wa ku Likhubula unatheka teremu isanatseke, a hedi analola, amayi awiri a mother group anatiperekeza, makolo anasonkha ya mbatata ndi nthochi. Tinatenga gaidi pa ofesi ya zankhalango nkuyenda mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Pamwamba sitinakwere, ana ndi aang'ono, Sapitwa, nsonga yaitali ya phirili, ndi mamita 3,002 ndipo ngakhale kukafika ku Chambe kapena ku Lichenya ndi ulendo wa maola ambiri wokwera mokhamokha. Lamulo linali limodzi, osathyola kanthu, phiri ili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927 ndipo mu Julayi 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse, a World Heritage, lachitatu m'Malawi muno pambuyo pa Lake Malawi National Park ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Anamvera ndithu, mmodzi yekha ndi amene ndinamuona dzanja likupita ku duwa anzake nkumukuwiza ine ndisanayankhule.

Gaidi wathu anali munthu woleza mtima, ankaima paliponse pamene mwana wagwada. Anawaonetsa ndere za pamiyala, zina zotuwa zina za olenji, ndi tizomera tomera m'ming'alu momwe madzi amadontha, nde zithunzi za tsiku limenelo zambiri si maluwa koma miyala, makungwa ndi madzi a padziwe obiriwira moderako. Sindinawaletse. Anawaonetsanso pa foni yake maluwa a pamwamba pa phiri, aja ouma okhala ngati apepala amene safota, ndi cheyo ali ndi maluwa oyera. Ana cheyo amangomudziwa ngati tsache logula pamsika, sankadziwa kuti ndi chomera chimene chimakula pang'onopang'ono pamiyala ndipo chimachita maluwa.

Pobwerera tinadutsa pa nazale ina pomwe pali mbande za mkungudza. Funso loyamba linali lakuti maluwa ake ndi amtundu wanji, ndipo anakhumudwa pang'ono kumva kuti mkungudza suchita maluwa, umabereka tizibalobalo tolimba momwe mumakhala njere, monga paini. Koma atamva kuti uwu ndi mtengo wa fuko lathu, kuti mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha dziko lonse lapansi, ndipo kuti ikuluikulu inatha ndi macheka ndi moto moti a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akuchita kudzala ina, aliyense anafuna kujambula kambande kake. Ine zimandiwawa kuti ana obadwira pansi pa phiri lino fungo la mkungudza amalidziwira pa timabokosi togulitsa kwa alendo.

Ogasiti

Holide. Mafoni anazungulira m'makomo anayi, anabwera ndi maluwa a mango ndi a mapeyala, ina inabwera chaja itaduka.

Seputembala

Teremu yatsopano, a Sitandade 7 aja apita mu 8 ndipo nthawi yawo yachepa chifukwa cha mayeso, talandira atsopano 9 ochokera mu Sitandade 5. Sindinaphunzitse ine za kupukuta galasi ndi kugwada, akale ndi amene aphunzitsa anzawo, ndinangokhala pa benchi kumamvetsera wina akuuza mnzake kuti "iwe usapange zumu, sendera."

Mwezi uno mtundu unali m'masamba. Mitengo ya mombo m'munsi mwa phiri inaphukira masamba ofiira, ena a pinki ena ofiirira ngati akupsa, mvula isanagwe nkomwe, kenako pakapita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Mango nawonso nsonga zake zimatero. Tsamba likakhala lanthete limakhala lisanadzaze zobiriwira zija zopangira chakudya, nde kufiirako kumaliteteza ku dzuwa. Tinasankha nthambi imodzi ya mombo kuseri kwa sukulu, tinamangapo kansalu, Lachitatu lililonse amaijambula poima pamodzimodzi. Mukaziika zithunzizo motsatana mumaona mtundu ukusintha, ndipo ndikuganiza kuti chaka chamawa tidzachite zimenezi ndi mitengo ingapo kuyambira Ogasiti.

Jakaranda anatibweretsera mkangano wina. Maso akuona pepo, foni ikutulutsa buluu, Tecno ndi itel nazonso zikusiyana pa mtengo womwewo, ana mpaka kunena kuti foni inayo ndi yabodza. Ndinawafotokozera kuti foni imadziganizira yokha kuti choyera ndi chiti kenako mitundu ina yonse imatsatira pamenepo, nde ikasokonezeka ndi thambo zonse zimapendekera ku buluu. Tinayesa kujambula maluwa ogwa pansi pa dothi lofiira, pamthunzi, pepala loyera la m'kope lili pambali, mtundu unayandikira ndithu ngakhale sunafike penipeni. Ndinawauza kuti alembe m'makope mwawo mtundu umene maso awo aona, foni isawalamulire.

Chokhumudwitsa mwezi uno ndi utsi. Phiri limene mu Meyi linkaoneka mwala uliwonse pano masana limangooneka chizimezime, usiku mizere ya moto m'mbali mwake, ena osaka mbewa ena otcha makala. Zithunzi zakutali zonse zikutuluka zotuwa. Ana ena ajambula malo opsa, phulusa lakuda ndi timsipu tobiriwira tikutuluka, ndipo apempha kuti pa chionetsero cha zithunzi chimene tikukonza cha mu Disembala pakhale mbali ya moto. Ndavomera.

Okutobala, pamene tili pano

Kutentha kwafika, tikumatuluka mmawa wokha kapena dzuwa likapendeka. Ntchito yaikulu pano ndi ya makope. Chithunzi chilichonse chimene tasunga chili ndi tsamba lake, dzina la duwa, malo, mwezi ndi nthawi, kachilombo kamene kanaterapo, komanso ntchito yake pakhomo kaya ndi ndiwo kaya mankhwala kaya udzu wongozula. Maina amakafunsa kwa agogo awo, ena akubwera ndi a Chichewa ena a Chilomwe, tikulemba onse awiri, ndipo agogo ena ayamba kutumiza uthenga okha kuti uwauze aphunzitsi ako kumunda kwanga kwatuluka chakuti abwere adzajambule. Pakhoma la kalasi tamata tchati cha miyezi, mwezi uliwonse ana akupaka mtundu umene unachuluka, Febuluwale chikasu cha chiluwe, Malichi kufiira kwa kaufiti, mpaka pepo wa jakaranda. Novembala ndi Disembala ndi Januwale akadali oyera, tikudikira mitengo ya flamboyant ifiire ndi maluwa otuluka ndi mvula yoyamba.

Mwa zithunzi zonse ana asankha 30 mwa voti, ine sindinavote nawo. Cha njuchi mu chiluwe chalowa, cha tiyi chalowa, kaufiti walowa ndi mavoti ambiri kuposa zonse. Mnyamata uja anati kwawo kuli ndiwo basi zake zalowa zitatu, therere, nandolo ndi duwa la mbatata. Tikufuna tizitsukitse ku Limbe pa saizi yokulirapo timate pa makatoni, tsiku lotsekera teremu mu Disembala makolo ndi amfumu adzaone, mwana aliyense adzaime pa chithunzi chake afotokoze yekha.

Ena mwapempha kuti ndiziika nkhope za ana pamodzi ndi zithunzi zawo, pepani zimenezo ayi, tinagwirizana ndi makolo kuti pa intaneti pazipita maluwa okha. Chimene chikusowa pano ndi memoli khadi ina chifukwa tikumafufuta zabwinobwino kuti tipeze malo, chaja imodzi ya pini yaing'ono ija, ndi ndalama yotsukitsira, komiti ya sukulu yalonjeza theka. Ngati muli ndi foni yakale m'dirowa yoti kamera ikugwira, ngakhale simu isamalowe, ife itithandiza. Loweruka likubwerali tikupita kumunda wa chinanazi kwa kholo lina limene latiitana, akuti zina zayamba kutulutsa timaluwa tapepo pamutu ndipo ana atsopano aja ndi amene agwire mafoni.